ACHIFWAMBA A M'MISEWU YA LONDON NDI MILANDU YAWO ZAKA 200 ZAPITAZO

M'mawa wa tsiku Lolemba, pa 23 February 1807, chikhamu cha anthu chidasonkhana kunja kwa ndende ya Newgate mu mzinda wa London, ku Mangalande. Olemba nkhani a nthawi imeneyo adati padali anthu ngati 40,000. Ambiri mwa iwo adadza kudzaonerera kunyongedwa kwa amuna awiri, John Holloway ndi Owen Haggerty, amene bwalo la milandu lidawapeza olakwa pa mlandu wofwamba ndi kupha munthu pa msewu. Dzuwa lisanafike pamutu, anthu pafupifupi 30 mwa oonererawo adali atafa chifukwa choponderezana. Ndipo kufikira lero lino, ambiri amene adawerenga mosamala za mlanduwo amakayikabe ngati amuna awiriwo adalidi olakwa.

Nkhani ya lero ikufotokoza za dziko limene zoterezi zinkachitikamo. Ikulondola ulendo wa mlandu wofwamba m'zaka za pakati pa 1800 ndi 1837, kuyambira pa msewu pamene munthu adalandidwa katundu wake, kudzera m'bwalo la milandu, mpaka pa chingwe kapena pa chombo chopita ku Australia. Malamulo a masiku amenewo adali aukali zedi, koma ukali wakewo sudathetse umbanda, ndipo nthawi zina udapha anthu osalakwa. Mmene zimenezi zidachitikira ndi mmene zidasinthira ndiye pagona nkhani.

MZINDA NDI MDIMA WAKE

Pa kalembera wa chaka cha 1801, mzinda wa London udali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo pofika 1831 adapitirira 1.5 miliyoni. Olemera ndi osauka ankakhala moyandikana modabwitsa. Munthu amatha kutuluka m'nyumba ya zisudzo atavala za mtengo wapatali, n'kuyenda pang'ono chabe, n'kupezeka ali m'tinjira ta dera la St Giles, kumene mabanja angapo ankagona m'chipinda chimodzi.

Usiku misewu inkaunikiridwa ndi nyali za mafuta zimene kuwala kwake sikunkafika patali. Nyali za gasi zidayamba kuonetsedwa mu msewu wa Pall Mall m'chaka cha 1807, ndipo mlatho wa Westminster udalandira zake mu 1813, koma padapita zaka zambiri kuti zifike m'madera a anthu osauka. Nyengo yozizira, utsi wa malasha unkasakanikirana ndi nkhungu, kotero kuti munthu sankatha kuzindikira nkhope ya mnzake ngakhale ali pafupi.

Achifwamba adali a mitundu iwiri. Padali okwera pa akavalo, amene ankaimitsa ngolo za apaulendo m'misewu ikuluikulu ya kunja kwa mzinda. Awa pofika 1800 adali kutha, chifukwa misewu idachuluka anthu ndi zipata zolipirirapo msonkho, komanso olemera adayamba kusunga chuma chawo ku banki m'malo moyenda nacho. Mtundu wachiwiri ndiwo udatsala: achifwamba oyenda pansi, amene ankabisalira anthu awiriawiri kapena atatuatatu, atanyamula chibonga, mpeni kapena mfuti yaing'ono. Wina amagwira munthu pakhosi kapena kumugwetsa pansi, mnzake n'kumapisa m'matumba. Zimene ankafuna zidali wotchi, ndalama, chipewa, mpango wa silika, ngakhalenso mtolo wa zovala umene mayi wochapa ankapita nawo kwa mwini wake. Pofika m'mawa katunduyo amakhala atafika kale m'sitolo ya pinyolo kapena m'manja mwa ogula zakuba.

Zinthu zidafika poipa nkhondo yolimbana ndi Napoleon itatha mu 1815. Asilikali ambirimbiri a pamtunda ndi a pamadzi adabwerera kwawo n'kupeza kuti ntchito kulibe ndipo buledi wakwera mtengo. M'chaka cha 1805, anthu amene adatumizidwa kukazengedwa milandu ikuluikulu m'dziko lonse la England ndi Wales adali pafupifupi 4,600. Pofika 1819 adali pafupifupi 14,000.

KUFWAMBA M'MASO MWA LAMULO

Lamulo linkasiyanitsa kuba ndi kufwamba. Kuba kudali kutenga cha mwini mobisa. Kufwamba kudali kulanda munthu chinthu pogwiritsa ntchito mphamvu kapena pomuopseza. Pa mlandu wakuba, chilango chinkadalira mtengo wa katundu, koma pa mlandu wofwamba mtengo sunkawerengedwa. Wolanda kobiri limodzi moopseza adali pa mlandu wofanana ndi wolanda mapaundi 100, ndipo chilango chake chidali imfa. Misewu ya mkati mwa mzinda inkawerengedwanso ngati msewu wa Mfumu, choncho wofwamba pa khomo la nyumba ya mowa ankaimbidwa mlandu womwewo umene ankaimbidwa woimitsa ngolo kutchire.

Kusiyana kwa moyo ndi imfa kunkagona pa zinthu zazing'ono kwambiri. Oweruza adagamula kuti kutsomphola chinthu mwadzidzidzi, mwini wake asanalimbane, sikudali kufwamba. Koma mu 1784 munthu wina adatsomphola ndolo pa khutu la mayi amene ankatuluka m'nyumba ya zisudzo, khutulo n'kung'ambika, ndipo oweruza adati kumeneko kudali kufwamba, ngakhale ndoloyo idapezeka itakodwa m'tsitsi la mayi yemweyo. N'chifukwa chake m'milandu yambiri mafunso ankazungulira pa mfundo imodzi: kodi wodandaula adakankhidwa, adamenyedwa kapena adachita mantha?

Kufwamba kudali umodzi chabe mwa milandu yoposa 200 imene chilango chake chidali kunyongedwa. Kuba katundu wa masheleni asanu m'sitolo, kuba nkhosa, kapena kupanga ndalama zachinyengo, zonsezi zikadatha kutengera munthu ku chingwe.

WOGWIRA WAKUBA ADALI NDANI?

Chodabwitsa kwa munthu wa masiku ano n'chakuti mzinda waukulu chotere udalibe gulu limodzi la apolisi. Parishi iliyonse inkalemba alonda ake a usiku, amene ankayenda ndi nyali, ndodo ndi kachipangizo kamtengo kopokosera poitana anzawo, uku akulengeza maola. Maparishi olemera adali ndi alonda ambiri ndi amphamvu, pamene osauka ankalemba amene akadatha kuwalipira. Wakuba akangodutsa malire a parishi, kawirikawiri mlonda sankamulondolanso.

Padalinso timagulu tina tating'ono. Ku ofesi ya majisitireti ya mu msewu wa Bow Street kudali ofufuza milandu amene adayambitsidwa ndi Henry Fielding mu 1749. Lamulo la 1792 lidatsegula maofesi ena asanu ndi awiri a majisitireti olipidwa, iliyonse ndi apolisi ake owerengeka. Apolisi a pa mtsinje wa Thames adayamba mu 1798, ndipo mu 1805 kudakhazikitsidwa gulu lolondera misewu ya kunja kwa mzinda pa akavalo. Onsewa adali ochepa poyerekeza ndi kukula kwa London. Angerezi ambiri ankakana za gulu lalikulu la apolisi a boma, poopa kuti lidzakhala la akazitape ngati la ku France.

Tsono ntchito yaikulu inkatsalira wolandidwayo. Iye ndiye ankakuwa kuti anthu amuthandize kuthamangitsa wakuba. Iye ndiye ankapita kwa majisitireti kukalumbira, kufunafuna mboni, ndi kulipira zikalata za mlandu. Bwalo linkatha kumubwezera zina mwa ndalamazo pambuyo pake, koma masiku amene adataya osagwira ntchito sankabwezedwa. Woimira boma pa milandu monga mmene amadziwikira lero kudalibe, pakuti udindo wa mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma udakhazikitsidwa ndi lamulo la 1879. Pa chifukwa chimenechi anthu ambiri osauka akalandidwa ankangokhala chete, ndipo amalonda ndi eni minda ankapanga mabungwe osonkherana ndalama zozengera milandu.

MPHOTHO YA MAGAZI

Pofuna kulimbikitsa anthu kugwira achifwamba, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mphotho mu 1692. Aliyense wogwira wachifwamba wa pa msewu, bwalo n'kumupezadi wolakwa, ankalandira mapaundi 40. Ndalama zimenezi zidali zofanana ndi malipiro a chaka chathunthu, kapena kuposerapo, a munthu wogwira ntchito yamanja. Woweruza ndiye ankazigawa pakati pa wodandaula, ogwira wakubayo ndi mboni.

Vuto lake lidali loonekeratu. Mphothoyo inkaperekedwa pokhapokha munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wofwamba. Akapezeka wolakwa pa kuba wamba, kapena akamasulidwa, panalibe cholandira. Choncho mboni iliyonse idali ndi chifukwa chowonjezera mawu: amene adangokhudzidwa ankati adakankhidwa, ndipo amene adaona nkhope mwa apo ndi apo ankalumbira kuti adaionetsetsa. Anthu adazitcha ndalamazi mphotho ya magazi.

Ena adafika popanga milandu yabodza. M'zaka za m'ma 1750, gulu la Stephen MacDaniel linkakonza zoti munthu wawo anamizire kuti walandidwa, n'kugwiritsa munthu wosadziwa kanthu. Mnyamata wina dzina lake Joshua Kidden adanyongedwa mu 1754 chifukwa cha bodza lotere. Mu 1816 zidaululikanso kuti George Vaughan, wapolisi wa ku Bow Street, adapangana ndi anzake kunyengerera anyamata kuti akathyole nyumba ndi cholinga choti awagwire n'kulandira mphotho. Manyazi a mlandu umenewu adachititsa kuti mu 1818 Nyumba ya Malamulo ithetse mphotho zoikika zija, n'kusiyira oweruza mphamvu yongobwezera anthu zimene adawononga pa mlandu.

M'BWALO LA OLD BAILEY

Woganiziridwa akagwidwa ankagona m'nyumba ya alonda, m'mawa n'kukaonekera kwa majisitireti. Majisitireti akaona kuti mlandu ulipo, ankamutumiza ku ndende kukadikira bwalo. Bwalo lalikulu la London lidali la Old Bailey, loyandikana ndi ndende ya Newgate, ndipo linkakhala kasanu ndi katatu pa chaka. Mu Newgate odikira mlandu ankasakanizidwa ndi opezeka kale olakwa, ana pamodzi ndi akuluakulu. Wandalama ankagula malo abwinopo ogona, wosauka n'kumagona pansi. Mayi Elizabeth Fry, amene adayamba kuyendera ndendeyi mu 1813, adapeza amayi ndi ana awo ali mothithikana, ambiri opanda zofunda zokwanira.

Mlandu usanalowe m'bwalo, gulu lina la nzika linkamva kaye mboni za wodandaula zokha, m'chipinda chapadera, kuti lione ngati pali chifukwa chozengera munthuyo. Likavomereza, mkaidi ankaimikidwa m'bwalo. Pamwamba pa malo ake oimirira padali kalilole wounikira nkhope yake kuti ogamula aione bwino. Patsogolo pake ankamwazapo masamba onunkhira, poganiza kuti amateteza ku malungo a m'ndende, nthenda imene lero imadziwika kuti imafalitsidwa ndi nsabwe. Mu 1750 nthenda imeneyi idapha meya wa mzinda, oweruza awiri ndi anthu ena ambiri amene adali m'bwalomo.

Ogamula ngati munthu ndi wolakwa adali amuna 12, gulu lotchedwa jury. Onse adali anthu a katundu, monga eni masitolo ndi amisiri odziimira paokha. Amayi sankaloledwa kukhala m'gululi, ndipo osauka, amene ndiwo ankachuluka pakati pa oimbidwa milandu, sankasankhidwa.

Wodandaula ankafotokoza nkhani yake atalumbira, mboni zake n'kutsatira. Kenaka woweruza ankafunsa mkaidi ngati ali ndi mawu. Apa ndi pamene kusalingana kwa mbali ziwirizi kunkaonekera. Choyamba, mkaidi sankaloledwa kulumbira, choncho mawu ake sankalemera ngati a womuneneza, ndipo ufulu wopereka umboni atalumbira udadza mu 1898. Chachiwiri, analibe ufulu woona zimene mboni zidanena kwa majisitireti, kotero kuti sakadatha kukonzekera. Chachitatu, ambiri analibe loya. Amene adali naye, loyayo ankaloledwa kufunsa mboni mafunso ndi kutsutsa pa mfundo za malamulo, koma sankaloledwa kulankhula kwa amuna 12 aja m'malo mwa mkaidi. Munthu wosaphunzira, amene wakhala milungu ingapo m'ndende ndi njala, ankayenera kudziyankhulira yekha pamaso pa akuluakulu ovala mikanjo. Zolembedwa za bwaloli, zimene zinkasindikizidwa kuyambira 1674 mpaka 1913, zikuonetsa kuti ambiri ankangonena mawu ochepa, akuti sakudziwapo kanthu, kapena kuti ankangodutsa pamalopo.

Chimene chinkathandiza kwambiri chidali mboni za khalidwe. Bwana wa ntchito, mwini nyumba kapena mnansi akabwera kudzanena kuti wakhala akumudziwa mkaidiyo kwa zaka zakuti ngati munthu woona mtima, mawu amenewo ankamveka. Koma mlendo mu mzinda, monga wamalinyero kapena wantchito wochokera ku Ireland, analibe womuyankhulira.

Milandu inkathamanga. Wolemba wina wa mu 1833, amene ankalidziwa bwino bwaloli, adawerengera kuti mlandu umodzi unkatenga mphindi zisanu ndi zitatu ndi theka pongoyerekeza yonse. Milandu yofwamba inkatenga nthawi yotalikirapo, komabe yambiri inkayamba ndi kutha tsiku lomwelo. Kawirikawiri amuna 12 aja sankatuluka n'komwe m'bwalo: ankangoweramitsana mitu, kunong'onezana, n'kupereka chigamulo. Bwalo lomva apilo ya milandu yotere kudalibe mpaka 1907.

Komabe ogamulawo sadali anthu ouma mtima onse. Podziwa kuti mawu awo akhoza kupha munthu, nthawi zambiri ankapeza njira yapakati. Ankagamula kuti mkaidi adabadi, koma sadagwiritse ntchito mphamvu, ndipo potero ankamupulumutsa ku chingwe. Pa milandu yakuba ankatsitsa dala mtengo wa katundu kuti usafike pa muyeso wa imfa. Katswiri wa malamulo William Blackstone adautcha mchitidwewu kulumbira monama kwachifundo. Nawonso olandidwa ena ankakana kukasuma, posafuna kusenza imfa ya mnyamata chifukwa cha wotchi.

MLANDU WA HOLLOWAY NDI HAGGERTY

Zofooka zonsezi zikuoneka pamodzi mu mlandu umene nkhani ino yayambira. Madzulo a pa 6 November 1802, John Cole Steele, wamalonda wa mafuta onunkhira, adanyamuka wapansi ku munda wake ku Feltham kubwerera ku London. Sadafike. Patapita masiku angapo mtembo wake udapezeka m'chigwa cha Hounslow Heath, utamenyedwa m'mutu. Kwa zaka zinayi palibe amene adazengedwa mlandu.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Mu 1806, mbava ina dzina lake Benjamin Hanfield, imene idagamulidwa kupita ku Australia kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndipo inkadikira ulendowo m'chombo cha akaidi, idanena kuti idalipo pamene Steele ankaphedwa. Idati idali pamodzi ndi Holloway ndi Haggerty, ndipo kuti Holloway ndiye adamenya. Hanfield adapatsidwa chikhululuko cha Mfumu kuti akathe kupereka umboni.

Mlandu udazengedwa ku Old Bailey Lachisanu pa 20 February 1807. Umboni waukulu udali wa Hanfield, munthu amene ufulu wake udadalira pa nkhani imene ankanenayo. Wothandizira udali wa wapolisi amene adabisala pafupi ndi zipinda zimene awiriwo adatsekeredwamo, n'kulemba zimene adati adawamva akukambirana. Zokambiranazo zidasonyeza kuti awiriwo ankadziwana ndipo ankamudziwa Hanfield, zimene poyamba adazikana, koma munalibe kuvomera kuti adapha munthu. Ogamula adawapeza olakwa. Lamulo la 1752 linkati wopha munthu anyongedwe patangopita tsiku limodzi chigamulo chitaperekedwa, osawerengera Lamulungu. Motero ogamulidwa Lachisanu adanyongedwa Lolemba, pamodzi ndi mayi wina wa mlandu wosiyana.

Onse awiri adakana mlanduwo kufikira mapeto, ndipo Holloway adafuula ali pa nsanja kuti adali wosalakwa. Nthawi yomweyo anthu a kumbuyo ankakankha kuti aone bwino, ena adagwa, ndipo mu msewu wopanikizawo panalibe kothawira. Akufa ndi ovulala adatengedwa kupita ku chipatala cha St Bartholomew's. Chaka chomwecho loya James Harmer, amene adathandiza awiriwo, adasindikiza kabuku kosonyeza zosagwirizana mu umboni wa Hanfield. Koma madzi akatayika saoleka.

CHIGAMULO CHA IMFA NDI CHIFUNDO CHA MFUMU

Pa milandu yofwamba imene munalibe kupha munthu, chigamulo cha imfa sichidali mapeto. Opezeka olakwa ankabweretsedwa pamodzi pa tsiku lotsiriza la bwalo kudzamva chilango chawo. Pambuyo pake woweruza wamkulu wa mzinda ankapita ndi mayina awo kwa Mfumu ndi nduna zake, ndipo kumeneko ndi kumene kunkasankhidwa oti afe ndi oti akhululukidwe. Achibale ankalemba makalata opempha chifundo, n'kufunafuna anthu otchuka oti asainepo. Zinthu monga msinkhu wa mkaidi, mbiri yake, kukula kwa nkhanza zimene adachita, ndiponso kuchuluka kwa umbanda m'miyezi imeneyo, zonse zinkaganiziridwa.

Katswiri wa mbiri yakale V. A. C. Gatrell adawerengera kuti pakati pa 1770 ndi 1830, anthu pafupifupi 35,000 adagamulidwa kuti aphedwe mu England ndi Wales, ndipo amene adanyongedwadi adali pafupifupi 7,000. Achifwamba, makamaka ovulaza anthu, adali m'gulu la amene chifundo chinkawavuta kupeza. Okhululukidwa ambiri ankatumizidwa ku Australia, ena kwa moyo wawo wonse. Asananyamuke ankasungidwa m'zombo zakale zankhondo zimene zidasandutsidwa ndende, akugwira ntchito yakalavulagaga atamangidwa unyolo. Kuyambira 1788 mpaka 1868, akaidi oposa 160,000 adafika ku Australia mwa njira imeneyi, ndipo ochepa okha ndiwo adaonanso kwawo.

Oikira kumbuyo dongosololi, monga m'busa William Paley, ankati n'kwanzeru kuopseza ambiri n'kupha ochepa. Koma zotsatira zake zidali zakuti wachifwamba aliyense ankadziwa kuti mwayi wopulumuka ndi waukulu. Mwina sagwidwa, akagwidwa mwina wolandidwa sasuma, akasuma mwina ogamula amuchitira chifundo, akapanda kutero mwina Mfumu imukhululukira. Ndipo pa tsiku lonyonga anthu, mbava zopisa m'matumba zinkagwira ntchito yawo pakati pa oonerera omwewo.

MMENE ZINTHU ZIDASINTHIRA

Amene adatsogolera nkhondo yosintha malamulowa adali loya ndi phungu Samuel Romilly. Mfundo yake, imene adatsatira kwa Cesare Beccaria wa ku Italy, idali yakuti chimene chimaletsa munthu kulakwa ndi kudziwa kuti adzagwidwa ndi kulangidwa ndithu, osati kukula kwa chilango chimene mwina sichidzamufikira. Mu 1808 adapambana pochotsa chilango cha imfa pa mlandu wopisa m'matumba. Koma pamene adafuna kuchita chimodzimodzi pa mlandu wakuba m'sitolo, aphungu osankhidwa ankavomereza, nyumba ya House of Lords n'kumakana, ndipo zidatero kangapo. Romilly adamwalira mu 1818 ntchitoyo isanathe.

Robert Peel, nduna yoona za m'dziko, adapitiriza. Lamulo la 1823 lidalola oweruza kungolemba chigamulo cha imfa m'buku popanda kuchilengeza, pa milandu yonse kupatula kupha munthu ndi kuukira boma, ngati aona kuti mkaidi ndi woyenera chifundo. Mu 1827 malamulo ambiri akale okhudza kuba adafafanizidwa ndi kuphatikizidwa. Ndipo pa 29 September 1829, apolisi atsopano a Metropolitan Police, ovala yunifolomu yabuluu ndi onyamula ndodo m'malo mwa mfuti, adayamba kulondera misewu ya London. Poyamba anthu ambiri adawada, koma patapita zaka adazolowereka.

M'bwalo namonso zinthu zidasintha. Mu 1834 Old Bailey idasanduka bwalo lalikulu la milandu ya upandu la London ndi madera ozungulira, n'kumakhala pafupifupi mwezi uliwonse, kotero kuti akaidi sankadikiranso nthawi yaitali. Lamulo la 1836 lidapatsa loya wa mkaidi ufulu wolankhula kwa ogamula, ndiponso lidalola mkaidi kuona zimene mboni zidanena kwa majisitireti. Mu 1837 chilango cha imfa pa mlandu wofwamba chidatsala pokhapo pamene wolandidwa wavulazidwa, ndipo mu 1861 chidachotsedweratu pa mlanduwu. Kunyonga anthu poyera kudatha mu 1868.

Achifwamba sadathe m'misewu ya London chifukwa cha kusinthaku, ndipo alipo mpaka lero. Koma mantha a otsutsa, akuti kuchotsa chingwe kudzasandutsa mzinda kukhala phanga la zigawenga, sadapherezeke. Olandidwa adayamba kusuma mosaopa kuphetsa munthu, ndipo ogamula adasiya kufunafuna njira zozembera lamulo.

Mbiri imeneyi ikukhudzanso Malawi, popeza malamulo a Angerezi adalowa m'mabwalo a dziko lino kudzera mu lamulo la atsamunda la 1902. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amanena kuti munthu womangidwa aonekere ku bwalo pasanathe maola 48, kuti ali ndi ufulu wokhala ndi loya, ndiponso kuti ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Munthu amene wangolandidwa katundu wake akhoza kuona ngati mfundo zimenezi zimangochedwetsa chilango ndi kuteteza mbava. Mkwiyo wake ndi womveka. Koma mfundozi zidakhazikika pang'onopang'ono, anthu ataona zimene zimachitika pamene nkhope yoonedwa mu mdima, mboni yoyembekeza phindu ndi mlandu wa mphindi zochepa zikwanira kuchotsa moyo wa munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Holloway ndi Haggerty adazengedwa Lachisanu n'kuphedwa Lolemba, ndipo funso lakuti adapha Steele ndani silidayankhidwe mokhutiritsa mpaka lero.